Wanja wa ku Shedi ya Thonje

Anzanga inu, mukandiona ndikudutsa pasitolo ya Mmwenye osacheukira n'komwe kumene amaika tizitini ta wanja, musamanong'onezane kuti Marita ndi wachimidzi, za kudzikongoletsa sazidziwa. Ine? Ine ndinadetsa zikope ena a inu musanadziwe ngati wanja amadya kapena amadzola. Ndipo ndinadetsa zenizeni, osati timizere tanu tothawa thukutati. Khalani pansi ndikuuzeni, koma wofuna kuseka aseke pompano ndikumuona, asakasekere kumadzi ine kulibe.

Zinachitika ndili mtsikana kwathu kwa Malemia, nthawi imene njanji inali itangofika kumene, sitima zapamadzi zikuimabe padoko la ku Nsanje. Bambo anga anali msodzi, ine ndi amayi tinkawamba milamba n'kumakagulitsa padokopo. Ndi pomwepo pamene ndinaonana ndi Zuze, mnyamata wa Chisena amene ankasonkha nkhuni m'ng'anjo ya sitima yopita ku Chinde, doko la kunyanja yamchere. Ankatsika ali bii ndi utsi, mano okha mbee, ndipo mlamba umodzi wokha ankausankha mpaka anzanga onse atagulitsa n'kunyamuka. Ndinam'konda, sindibisa. Ndinam'konda moti sitima yawo ikalira chakumunsi, nsomba zinkandipserera pamoto ine ndili pomwepo.

Tsono Zuze anali wamasiye. Analeredwa ndi azakhali ake, a Chanaze, a kutsidya kwa Mlolo, ndipo mawu omaliza pa za ukwati wake anali a iwowo. Ankhoswe atayenda maulendo awo onse, kunatsala chinthu chimodzi: a Chanaze awoloke Shire adzandione ndi maso awo. Akavomera, ndakwatiwa. Akakana, basi, Zuze am'patsa mwana wa mnzawo wa m'mudzi mwawo, amene ankati ndi wodziwa kulima mapira ndi kugwada. Ndipo mbiri yawo inali itatifika kale, yoti mtsikana wina anam'kana chifukwa chongoyenda mokoka mapazi.

Ndiye tsiku lina Zuze, akutafuna mutu wa mlamba wanga womwe, anati, "Marita, ukanawaona akazi a ku Chinde. Maso awo amachita kuwazunguliza ndi wanja, akakuyang'ana umaiwala dzina lako." Ananena ngati munthu wonena kuti kunja kwatentha, n'kupitiriza kutafuna. Ine ndinaseka naye, koma mumtima munayaka moto. Akazi a ku Chinde! Ali ndi maso angati iwowo? Kodi si awiri ngati angawa? Zuze anakwera sitima yake n'kupita, sakanakhalapo pa tsiku londiona, koma ine ndinatsimikiza kuti azakhali akewo adzaona maso oti akakam'fotokozera mwana wawo, za ku Chinde aziiwale. Panali cholakwa pamenepa? Ndiuzeni, panali cholakwa?

Ndinayambira poyenera. Mkazi wa Mmwenye wa sitolo ya padoko ankagula nsomba kwa ine, ndipo maso ake anali omwewo amene Zuze ankanena. Ndinam'funsa ndi pakamwa ndi manja omwe, mpaka anamva. Anali munthu wabwino. Anatulutsa kabotolo kamkuwa kakang'ono, naviikamo kamtengo, n'kundilemba m'mbali mwa zikope mosamala, uku akuti, "Pang'ono, pang'ono basi." Kenako anandipatsa kalilole wake. Ndinayang'ana, n'kuyang'ananso. Ali kuti wanjayo? Pa khungu lake loyera ankaonekera patali, koma pa langali anangosowa ngati mchere m'madzi. Ndinathokoza ndithu, n'kuyenda ulendo wonse wobwerera kumudzi ndikutong'olera maso aliyense wokumana naye kuti mwina wina aona. Palibe anaona kanthu, kupatula mayi wina amene anandiimitsa n'kufunsa ngati ndatsamwidwa ndi munga wa nsomba.

Kumudzi ndinakauza Esinati, msuweni wanga. Esinati ndi munthu uja amadziwa za dziko lonse ngakhale sanapitirirepo pa Chiromo. Anati wanja wa Amwenye anam'pangira Amwenye, ife wathu ali kudenga la kukhitchini. Tinakolola mwaye, tinaupera, tinausakaniza ndi mafuta a nsatsi, n'kundipaka ndi kachitsotso. Eee, umenewo unaoneka! Unkachita kunyezimira. Ndinanyamula mtsuko kupita kumtsinje ndikuyenda ngati mkazi wa bwana. Koma inu mukulidziwa dzuwa la kuno mwezi wa Okutobala, lija limatulutsa munthu thukuta ngakhale ataima pamthunzi. Pobwerera, mtsuko uli pamutu, manja onse awiri atagwira mtsukowo, ndinamva chinthu chikutsika m'masaya. Kupukuta osatheka. Mizere iwiri yakuda inatsetsereka mpaka kuchibwano, n'kumadontha pachifuwa. Amayi atandiona ndikulowa pabwalo anaponya chipande pansi.

"Wamwalira ndani?"

Esinati sanagonje. Anati vuto si mwaye, vuto ndi mafuta a nsatsi, ndi opepuka, pakufunika olemera. Nanga pakhomo pa msodzi mafuta olemera ndi ati? A mlamba! Tinawatunga pamene ankadonthera powamba, tinasakaniza, tinapaka. Ndinene chilungamo, amenewo anagwira. Linali Lamulungu, ndinafika nawo kutchalitchi asanasungunuke. Kungoti ntchentche zonse za kwa Malemia zinauzana. Nyimbo yoyamba isanathe zinali zitandizungulira kumaso, ina kutera pansidze, ina kufuna kulowa m'diso mwenimwenimo, ine dzanja lili m'mwamba kuzipirikitsa, mpaka aphunzitsi a mishoni anasiya kulalikira n'kunena kuti, "Marita, ukuoneka kuti uli ndi funso, funsa." Ndinalibe funso. Mayi amene anakhala pafupi nane anasendera kutali, akugwira mphuno ndi nsonga ya nsalu.

Munthu wina akanalekera pomwepo. Ine ayi, sindinabadwe choncho. Ndinakhala pansi n'kuganiza bwinobwino ngati munthu wanzeru: wanja wondiyenera ine ayenera kuoneka pa khungu lakuda, asathawe thukuta, ndipo asaitane ntchentche. Kodi pamenepo munthu waganiza molakwa?

Yankho linabwera lokha pakhomo. Achimwene anga a Jimu ankagwira ntchito kushedi ya thonje, ndipo ntchito yawo inali yolemba mabelo: kuika chitsulo chobooledwa zilembo pabelo, n'kupaka inki pamwamba pake. Zala zawo zinkakhala zakuda chaka chonse. Madzulo ena ndikuwathirira madzi osamba m'manja, ndinaona akutikita, akutikita, madzi akutsika oyera, zala zili bii chikhalire.

"Achimwene, imeneyi sichoka?"

"Ichoke bwanji? Belo limakhala padoko dzuwa likuliwotcha, mvula n'kulinyowetsa, n'kukwera sitima mpaka ku Chinde, n'kuwoloka nyanja mpaka ku Ulaya, chilembo chili pomwepo."

Anzanga, ndinadziwa kuti wanja wanga ndam'peza. Chakuda, chosaopa dzuwa, chosaopa madzi, ndipo ntchentche sindinaionepo pa zala za achimwene. Ndinawapempha kuti anditengereko pang'ono ndilembe dengu langa, chifukwa amayi a padoko amasokoneza madengu. Mawa lake anabwera nayo m'chigoba cha nkhono, atatseka ndi thonje. Kuyesa sindinayese. Inali yochepa, ndiponso ndinali nditatopa ndi kusekedwa, ndinati imeneyi ndidzaitulutsa pa tsiku lenilenilo, anthu adzangodzidzimuka. Pa zodzidzimukazo ndiye sindinaname.

Tsiku linafika. Alendo ankayembekezeka dzuwa likakwera. M'mawa, amayi ali kalikiliki ndi nkhuku ndi mpunga, ine ndi Esinati tinazembera kuseri kwa nkhokwe, iye atagwira kachibenthu ka kalilole, ine nthenga ya nkhuku m'manja. Ndinaviika, n'kuyamba diso lamanzere. Inkaluma ngati tsabola, koma ndinaluma mano, nanga kukongola n'kwa anthu amantha? Ndinalemba m'munsi, ndinalemba m'mwamba, ndinadetsa nsidze imodziimodzi. Nditayang'ana pakalilole ndinatsala pang'ono kudzipatsa moni. Esinati, amene sayamikira munthu, anangoti, "Mayo ine." Ndikukuuzani, m'mawa umenewo, kwa kanthawi kochepa, diso langa lamanzere linali lokongola kuposa diso lililonse kuyambira pa Chiromo mpaka ku Chinde, ndipo zimenezo palibe angandilande.

Vuto linayamba ndi lamanja. Ndinafulumira ndi chimwemwe, mzere unanenepa. Esinati anati, "Si kanthu, nenepetsa lamanzere zifanane." Ndinanenepetsa. Tsopano lamanzere linaposa. Ndinabwerera kulamanja. Lamanja linaposa. Inu amene munayesapo kudula miyendo ya mpando wogwedera mukudziwa kumene zimathera. Diso langa lokongola lija linamira ndikuliona. Komabe ndinkadziuza kuti patali sizioneka, ndipo mwina zikanapiririka, pakanapanda mphepo imene inatembenuka n'kutibweretsera utsi wa nsomba zimene bambo anasiya pamoto.

Ndinayetsemula.

Osati kamodzi. Ndipo munthu poyetsemula amatsinzina ndi mphamvu zake zonse. Inki yaiwisi ya m'nsidze inadinda pamwamba, inadinda pansi, zikope zonse bii mpaka m'masaya. Misozi inatuluka, ine osaganiza n'kupukuta ndi kuseri kwa dzanja, mzere wakuda kuchokera padiso mpaka kukhutu. Ndinati ndifufute ndi dzanja linalo, mzere wina mpaka kukhutu linalo. Esinati anayamba wandiyang'ana, milomo ikunjenjemera, kenako anagwa chagada pafumbi, kalilole uko, miyendo m'mwamba, akulira ndi kuseka.

"Leka kuseka, chitsiru iwe, tunga madzi!"

Madzi anabwera. Ndinasamba, ndinasambanso, madzi akutsika oyera ngati aja a m'manja mwa achimwene, ndipo apa m'pamene mawu awo aja anandibwerera ndi tanthauzo lina. Tinayesa sopo wa amayi amene ankasungira alendo. Ayi. Tinayesa phulusa. Ayi. Mchenga wa kumtsinje unangondisupula. Esinati anathyola ndimu, akuti ndimu imachotsa chilichonse. Ndimu pakhungu losupuka, pafupi ndi diso! Ndinavina gule amene kwathu kulibe. Maso anafiira psuu, zikope zinatupa, koma inki ili phee.

Ndiye Esinati anakumbukira kuti anaonapo achimwene akutsuka burashi yawo ndi palafini. Anathamangira m'nyumba, anapendeketsa nyali pakansanza, n'kundipukuta nako. Ndipo inki ija inasuntha! Tinafuula tonse awiri. Koma kusuntha si kuchoka. Palafini anaisungunula n'kuimwaza, kuchokera pamphumi mpaka pamphuno, masaya onse, ndipo tisanatunge madzi ena, dzuwa linali litaiumitsanso pamalo ake atsopanowo. Tsopano theka la nkhope yanga linali ngati kunsi kwa mphika, maso awiri ofiira ali pakati, ndipo ndinkanunkha ngati nyali.

Bambo ndiwo anayamba kundiona, akuchokera kuseri. Anaima, anandiyang'ana, anangotenga nkhafi yawo n'kulowera kumtsinje. Amayi anabwera ndi nkhuku yososola m'manja, n'kukhala pansi pomwepo pafumbi.

"Marita, wandipha. Wandipha ine mwana iwe. Wadzola chiyani?"

"Wanja, amayi."

"Wanja wa kuti?"

"Wa kushedi."

Anagwira kumutu. Kuwabweza alendo kunali kosatheka. Munthu wamkulu wawoloka Shire pa bwato, pakati pa ng'ona ndi mvuu, ndiye mukamuuze kuti bwererani, mtsikana sali bwino? Kumeneko n'kuthetsa ukwati ndi pakamwa panu. Ndipo tikulankhula choncho, tinamva kale moni kumsewu.

Tsono mwambo wake mukuudziwa. Mtsikana amakhala pamphasa atam'funditsa nsalu kumutu mpaka kumapazi, achibale a mwamuna amaponya mikanda m'mbale mpaka eni mwana akhutire, ndiye nsalu imavundukulidwa. Ikavundukulidwa, iwe maso pansi, pakamwa chotseka, kaya akutamande kaya akunyoze. Kuyang'ana apongozi m'maso ndi mwano, kuwayankha ndiye kulibe n'komwe dzina lake. Amayi, mantha atawagwira, anayang'ana nsaluyo, n'kuyang'ana Esinati.

"Esinati, khala pamphasa ndiwe. Sakumudziwa Marita. Zikadzatha tidzakonza."

Ndinalumpha. "Ayi! Esinati akhale pamphasa yanga? Akakam'konda? Akakauza Zuze kuti mkazi wako ndi woyera, wa kampata m'mano? Ayi amayi. Nkhope ndi yanga, mwamuna ndi wanga, ndikhalapo ndekha."

"Ndi nkhope imeneyo?"

"Ndi yomweyi. Ina ndilibe."

Ndinalanda nsalu, ndinadzifunditsa ndekha, n'kukakhala pamphasa pakhonde. M'kati mwa nsalumo munali ngati mu uvuni. Thukuta linkatsika ngati ndaima pamvula, ndipo ine amene ndinatha masabata ndikulimbana ndi thukuta, tsopano ndinkalipempha: tsika, tsika ndithu, tenga chinthuchi upite nacho. Ndinagwira patsaya ndi chala, ndinayang'ana chalacho, chili choyera. Ndinali nditasankha bwino kwambiri.

Ndinamva alendo akukhala, moni akuperekedwa, m'manja mukuwombedwa. Kenako mawu okhuthala, olankhula mosafulumira, Chimang'anja chosakaniza ndi Chisena. Anali a Chanaze.

"Nyali yatayika pano?"

"Ndi ana, mayi, anagwetsa m'mawa," anatero amayi.

Mikanda inayamba kugwa m'mbale. Amayi, amene tsiku lina akanavomera msanga, ankangoti sinakwane, sinakwane, kufuna kuchedwetsa, mpaka mayi amene anaperekeza a Chanaze anafunsa ngati pansi pa nsalupo pali mwana wa mfumu. Mapeto ake panalibenso pothawira. Nsalu inachoka.

Ine, mwana woleredwa bwino, maso pansi. Koma taganizani, munthu akayang'ana pansi amaonetsa chiyani? Zikope! Malo enieni amene inki inadinda kwambiri ndi amene mwambo unandiuza kuti ndiwayalire alendo. Ndikanayang'ana m'mwamba bwenzi mwina choyera cha m'maso chitathandizako, koma ayi, ndinawapatsa mdima wokhawokha. Nkhuku imene inkatola mpunga pafupi ndi mphasa ndinkaimva kujompha kwake. Mayi woperekeza uja anatulutsa kamawu kamodzi, n'kudzitseka pakamwa.

"Ninji ipi?" anafunsa a Chanaze. Ngakhale wosamva Chisena akanadziwa kuti akufunsa kuti n'chiyani chimenechi.

Amayi anayamba kupeka. "Ndi mankhwala, mayi. Mwanayu maso amam'vuta nthawi ya dzuwa, ndiye tinam'paka mankhwala."

"Maso?" anatero a Chanaze. "Nkhabe, ayi. Wodwala maso ife sititenga. Kwathu madzi akasefukira ng'ona zimafika pakhomo. Mkazi wosaona bwino adzaona bwanji mwana akukwawira kumadzi?"

Ndili chiyang'anire pansi, ndinaona dzanja lawo likulowa m'mbale n'kuyamba kutola mikanda, chingwe chimodzi, kenako china. Anzanga, apo ndiye mtima unandiwawa zenizeni. Sikunalinso koseketsa. Ndinkaona Zuze akuchoka m'mbalemo pang'onopang'ono, akupita kwa mtsikana wodziwa kugwada uja, ndipo chondichotsera mwamuna sichinali inki, linali bodza la amayi anga ondikonda. Ndinkafuna kukuwa, mwambo utanditseka pakamwa.

Amene ananditsegula pakamwa ndi a Chanaze eni ake. Anali ndi ndudu ya chingambwe pakamwa, yoyaka, ndipo asananyamuke anafuna kuona matendawo pafupi. Anasendera, anaweramira kunkhope yanga, moto uli ngee, kutalika kwake ndi tsaya langa la palafini ngati chala chimodzi.

"Fodyayo, mayi! Ndipsa!"

Ndinakuwa mpaka nkhuku ija inathawa. A Chanaze anabwerera m'mbuyo, amayi anafuula dzina langa, ndipo ine ndinazindikira kuti mwambo ndauswa kale. Nanga mtsuko ukasweka umaopanso kutaya madzi? Ndinadzutsa mutu, ndinawayang'ana m'maso ndi maso anga ofiirawo, n'kulankhula.

"Pepani mayi, sindidwala. Maso angawa amaona ng'ona ili tsidya lija. Amayi akunama chifukwa cha manyazi. Ichi ndadzola ndekha. Mwana wanu anandiuza kuti akazi a ku Chinde amadzola wanja, akam'yang'ana amaiwala dzina lake. Ndiye ine ndinati nanenso ndidzole, aziiwalira kwa ine dzinalo. Wa Amwenye sanaoneke, wa mwaye anasungunuka, wa mafuta a mlamba anaitana ntchentche, ndiye ndinasankha inki yolembera mabelo a thonje chifukwa sichoka. Ndipo onani nokha, sinachoke. Ngati mukundikana, mundikanire zimenezo, osati matenda amene ndilibe."

Amayi anali atadziphimba kumaso ndi nsalu ija. Esinati ndinkamumva akufwenthera kuseri kwa chitseko. A Chanaze anazimitsa ndudu yawo pansi mosafulumira, analavulira pachala chachikulu, anandigwira chibwano, n'kutikita patsaya langa mwamphamvu ngati akupala mamba a nsomba. Anayang'ana chala chawo. Anatikitanso.

"Idzachoka liti?"

"Sindikudziwa, mayi. Achimwene chiyambireni ntchito kushedi zala zawo sizinayerepo."

"Ndipo Zuze analonga yekha za akazi a ku Chinde? Ndi pakamwa pake?"

"Akudya nsomba yanga."

"Hmm. Ameneyo ndikamuona."

Anandiyang'ana uku ndi uku ngati munthu wogula mbuzi. Sanaseke, sanamwetulire n'komwe. Kenako dzanja lawo linabwerera kumbale, mikanda yonse ija gwaa, n'kuvula chingwe china m'khosi mwawo n'kuwonjezera.

"Pyadidi," anatero, kutembenukira kwa amayi. "Zili bwino. Ine chimene chinkandisowetsa tulo ndi ichi: mwana wanga amachoka miyezi ndi sitima, ndipo ndinamva kuti mtsikana wake ndi wooneka bwino, amakhala padoko pakati pa makalaliki ndi amalonda. Ndinabwera kuti ndidzam'kane. Koma ndi nkhope iyi, palibe mwamuna adzaima kuti agule kawiri. Ndam'landira."

Amayi anavundukuka, anayamba kuwomba m'manja, "Takhuta, takhuta," akuthokoza m'Chisena chimene sindinkadziwa kuti amachitha. Nthungululu zinalira. Ine ndinangoti kakasi, osadziwa ngati ndisangalale kapena nditukwane. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti pepani mayi, pansi pa inkiyi pali munthu wokongola ndithu, koma amayi ananditsina pantchafu mpaka mawuwo anabwerera.

Alendo atadya, akunyamuka kupita kubwato, a Chanaze anandikodola kuti ndiwaperekeze. Titafika poduka mphepo anatsitsa mawu. Ndinati mwina tsopano andiuza mawu achikondi, a mayi kwa mwana.

"Mwanawe, yatsalako inkiyo?"

"Pang'ono, mayi."

"Usataye. Sitima ikamanyamuka, uzidzola."

Chigobacho ndinachiponya mu Shire madzulo omwewo, pakatikati penipeni, ndipo ngati ilipo ng'ona yakuda mlomo kumunsi kwa doko, ndi imene inachimeza. Inkiyo inachoka ndi khungu lomwe, pang'onopang'ono, ndipo masabata onsewo ndinkapitabe kukagulitsa nsomba mutu uli m'mwamba. Wofuna kuseka ankayamba wagula. Zuze anandipeza ndili mawangamawanga ngati nkhanga, koma sanatsegule pakamwa, chifukwa anali atadzera kaye kutsidya kwa azakhali ake, ndipo anafika khutu limodzi lili lotupa. Tinakwatirana kutchalitchi mvula itayamba, ndipo ana amene mumawaona aja ndi ake.

Koma a Chanaze sanaiwale. Mpaka tsiku limene anatisiya, sitima ya Zuze ikangotsala pang'ono kunyamuka, msodzi aliyense wochokera kwa Mlolo ankafika pakhomo panga ndi uthenga womwewo, pamaso pa anthu: apongozi anu akuti mwadzola kodi? Ndipo ine ndinkayankha chimodzimodzi, kuti mukawauze adzole okha. Ndinalumbira, ndipo ndikulumbiranso pano nonse mukumva: wanja, kaya wa Mmwenye, kaya wa ku Chinde, kaya wochokera ku Ulaya m'botolo lagolide, pankhope panga sadzafikanso. Ndikadzafa, amene mudzandisambitse musadzayese kundikongoletsa, ndidzadzuka.